Posintha cluster ya galimoto, makilomita enieni asatayike

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi eni galimoto, amakaniko anzanga komanso akuluakulu oyang'anira za pamsewu, pa nkhani imene ambiri amaiyesa yaing'ono koma ikuwonongetsa injini ndi ndalama za anthu. Nkhani yake ndi ya nambala ya makilomita amene galimoto yayenda, yomwe kugalaja timangoti mileage, ndi zimene zimaichitikira nambalayi cluster ikasinthidwa. Cluster ndi chipangizo chija chili kuseri kwa chiwongolero, chokhala ndi mivi yoonetsa liwiro, mafuta ndi kutentha kwa injini, ndipo m'menemo ndi momwe muli odometer yowerengera mtunda. Ine ntchito yanga ndi ya zamagetsi a galimoto, ndipo ma cluster amadutsa m'manja mwanga kawirikawiri.

Poyamba ndinene kuti kusintha cluster si mlandu ndiponso si chinyengo. Chipangizochi chimafa monga chimafera chilichonse: galasi loonetsa manambala limazilala ndi dzuwa, madzi a mvula amalowamo, wina amasemphanitsa mawaya polumikiza batire, kapena galimoto imachita ngozi. Cluster yatsopano ya kwa dila ndi yokwera mtengo moti ambiri sangaikwanitse, choncho timapita kwa ogulitsa masipeya ogwiritsidwapo kale ntchito ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Limbe, n'kugula yochotsedwa pa galimoto ina. Vuto limayambira pamenepa, chifukwa cluster yotereyi imabwera ndi nambala ya galimoto imene inachokerako.

Pa galimoto zakale panali kebulo yochokera ku giyabokosi imene inkazunguza timawilo ta manambala. Masiku ano nambalayi imakhala m'kachipangizo kakang'ono ka miyendo isanu ndi itatu kotchedwa EEPROM, komatidwa pa bolodi la m'kati mwa cluster, ndipo kamasunga zimene kalembedwa ngakhale batire itachotsedwa. Pa galimoto zambiri za ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Probox, Sienta ndi Hiace, nambala imene dalaivala amaiona imasungidwa mu cluster momwemo. Mukaichotsa, mbiri ya mtunda imachoka nayo limodzi, ndipo mukaikapo ina, galimoto imayamba kunena makilomita a galimoto ina popanda chizindikiro chilichonse. Opanga galimoto ena a ku Ulaya analiona msanga vutoli. Mwachitsanzo, BMW zambiri zimasunga nambalayi m'malo oposa amodzi, ndipo cluster yachilendo ikaikidwa pamaoneka kadontho pafupi ndi manambala, kodziwitsa aliyense wodziwa kuti pakhudzidwa. Koma galimoto za anthu ambiri kuno kwathu si zoterozo, ndiye chitetezo chimene chilipo ndi chilungamo cha makaniko ndi mwini galimoto basi.

Ena amati nkhaniyi imakhudza wogula yekha, ndipo iwo poti alibe ganizo logulitsa galimoto yawo, nambala yolakwika siwavuta. Ndikuwapempha aganizirenso, chifukwa woyamba kupwetekedwa ndi mwini wakeyo. Sevisi yonse ya galimoto imayendera makilomita, ndipo chitsanzo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha timing belt, lamba wa mu injini amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu. Pa injini za dizilo za Toyota za 1KD ndi 2KD, zimene zili mu Hilux, Fortuner ndi Hiace zambiri, pali kanyali kolembedwa T-BELT kamene kamayaka pa makilomita 100,000 kapena 150,000, malingana ndi msika umene galimotoyo inapangidwira. Kanyali aka sikaona lamba weniweniyo, kamangotsatira mtunda umene cluster yawerenga. Tiyerekeze Hilux imene yayenda makilomita 140,000 ndi lamba wake woyamba, yatsala ndi 10,000 okha kuti lambayo asinthidwe pa 150,000, kenako yaikidwa cluster yoonetsa 90,000. Kanyaliko kadzadikira makilomita ena 60,000, ndipo podzayaka lamba adzakhala atayenda 200,000, ngati atafika n'komwe. Pa injini zimenezi lamba akaduka, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo ntchito imene ikanatha tsiku limodzi imasanduka yotsitsa cylinder head, mutu wa injini, kapena kugula injini ina. Ngati ili minibasi, ganiziraninso za anthu amene ali m'katimo pamene injini yazima mwadzidzidzi pachitunda kapena podutsa galimoto inzake. Mafuta a giyabokosi, makamaka ya otomatiki ya mtundu wa CVT imene ili pa tigalimoto tambiri ting'onoting'ono, nawonso amachedwa kusinthidwa pa chifukwa chomwechi.

Palinso madalaivala a m'makampani ndi m'mabungwe, kumene mafuta amawerengedwa poyerekeza ndi makilomita olembedwa mu logbook. Cluster ikasinthidwa popanda cholembedwa, manambala amasiya kugwirizana, ndipo munthu wosalakwa akhoza kuganiziridwa kuti akuba mafuta kapena akuyenda maulendo akeake.

Njira zochitira ntchitoyi mwachilungamo zilipo, ndipo si zovuta. Yabwino koposa ndi kukonza cluster yakale yomweyo, pakuti nthawi zambiri chimene chafa ndi galasi, kamota ka muvi kapena malo amodzi omatira waya, pamene EEPROM ili bwinobwino. Ngati sizikutheka, makaniko waluso akhoza kuchotsa kachipangizoko pa cluster yakale n'kukaika pa inayo, malinga ngati ma cluster awiriwo ali a nambala ya sipeya yofanana, kapena kuwerenga nambala ndi makina a kompyuta n'kuilemba mu cluster imene yagulidwayo. Ngakhale cluster itazimiratu osaonetsa kanthu, kachipangizoka kawirikawiri kamawerengeka, choncho mawu akuti nambala yakale yatayika asamavomerezedwe msanga.

Ndikudziwa kuti si galaja iliyonse ili ndi makina otere, makamaka m'maboma akutali ndi mizinda. Apo njira yotsala ndi cholembera ndi pepala, ndipo ndi yokwanira ikatsatidwa mokhulupirika. Cluster isanamasulidwe, nambala yake ijambulidwe ndi foni, kenako palembedwe tsiku, makilomita a cluster yakale, makilomita a cluster yoikidwayo, ndi dzina la galaja. Zimenezi zilembedwe m'buku la sevisi, pa lisiti, komanso pa sitika yomatidwa pamphuthu pa chitseko cha dalaivala, pomwe aliyense wotsegula chitseko angaione. Kuwerengera kwake n'kosavuta: ngati yakale inaima pa 182,400, yoikidwayo inayambira pa 96,000 ndipo lero ikuonetsa 110,000, galimoto yayenda makilomita 14,000 chisinthire, kutanthauza kuti mtunda wake weniweni ndi 196,400. Ngati nambala yakale siikupezeka m'njira iliyonse, ayambire pa nambala yomaliza yolembedwa m'buku la sevisi kapena pa sitika ya oilo, ndipo alembe poyera kuti nambalayo ndi yongoyerekeza.

Pali zinthu ziwiri zimene amakaniko ambiri amaziphonya ngakhale ali ndi mtima wabwino. China ndi cha galimoto zochokera ku Britain, zimene zimawerenga mtunda m'mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609, choncho galimoto yoonetsa 80,000 yayenda makilomita pafupifupi 128,700, ndipo wolemba 80,000 yemweyo mu cluster ya makilomita wafafaniza makilomita oposa 48,000 mosadziwa. Chinacho ndi kugula cluster pongoona kuti ikukwana pabowo ndipo mapulagi akulowa. Galimoto za dzina limodzi zimasiyana injini, giyabokosi ndi kukula kwa matayala, ndipo cluster ya mtundu wina ikhoza kuyaka bwino koma n'kumawerenga mtunda mopitirira kapena moperewera tsiku ndi tsiku. Nambala ya sipeya yolembedwa kuseri kwa cluster iyenera kufananizidwa, ndipo ntchito ikatha galimoto iyesedwe pamsewu poyerekeza ndi GPS ya pafoni.

Tsopano ndinene mbali yowawa. Makina amene timakonzera nambala kuti ikhale yoona ndi omwewonso amene ena amabwezera nambala m'mbuyo. Kasitomala amafika n'kunena kuti, poti mwatsegula kale, ingotsitsaniko pang'ono, ndikufuna kuigulitsa. Ena amasintha cluster yabwinobwino mwadala pofuna yoonetsa makilomita ochepa, kuti akafunsidwa adzayankhe kuti yakale inapsa. Mchitidwewu susiyana ndi wa wogula mbewu amene wasokoneza sikelo yake, chifukwa wobedwayo amachoka akuthokoza osadziwa kuti waberedwa. Wogula galimoto yotere kawirikawiri ndi mphunzitsi, namwino kapena wabizinesi yaing'ono amene watenga ngongole kubanki, ndipo wawonjezera ndalama zambiri pokhulupirira kuti galimotoyo yayenda pang'ono. Pakapita miyezi yochepa amayamba kugula masipeya amene sankayembekezera, ngongole ikudulidwabe pamalipiro. Ndikupempha amakaniko anzanga kuti tizikana ntchito yotereyi, ngakhale kasitomala atanena kuti apita nayo kwina, chifukwa dzanja lolemba nambala yabodzayo ndi lathu, ndipo anthu akadzatulukira, galaja zonse zidzatayiridwa chikhulupiriro pamodzi.

Maiko ena anakhazikitsa njira zimene tingatengereko nzeru. Ku America lamulo loletsa kusokoneza odometer lilipo kuyambira mu 1972, ndipo limanena kuti ngati odometer yasinthidwa koma sizikutheka kuiika pa nambala yakale, iyambire pa ziro ndipo pamphuthu pa chitseko cha kumanzere pamatidwe chidziwitso cha makilomita akale ndi tsiku la ntchitoyo. Ku Belgium, kuyambira mu 2006, galaja zimatumiza nambala ya makilomita ku nkhokwe imodzi, ndipo wogulitsa galimoto amayenera kupereka kwa wogula chikalata chotchedwa Car-Pass choonetsa mbiri yonse. Ku Britain munthu amalowetsa nambala ya galimoto pa intaneti n'kuona makilomita amene analembedwa pa kuyezedwa kulikonse kwa MOT, komwe ndi ngati COF ya kuno. Ku Japan komwe timagula galimoto zambiri, makilomita amalembedwa pa kuyezedwa kwa galimoto kotchedwa shaken ndipo amaonekanso pa export certificate, chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo, pomwe pa auction sheet, pepala lofotokoza za galimoto pa okushoni, amaika chizindikiro cha dola pa galimoto yosinthidwa odometer movomerezeka, ndi kanyenyezi pa imene nambala yake inasokonezedwa. Mapepala amenewa ndi a mtengo wapatali, koma galimoto ikangolowa pa Songwe kapena pa Mwanza n'kulembetsedwa, ambiri amawataya. Woitanitsa galimoto aziwasunga pamodzi ndi blue book, ndipo wogula galimoto yofika kumene aziwafunsa asanapereke ndalama.

Wogula wa kuno kwathu asamangodalira nambala ya pa dashibodi. Ayang'ane kutha kwa mphira wa pa mabuleki ndi pa kilatchi, kusalala kwa chiwongolero, kuphwa kwa mpando wa dalaivala, ndi zomangira za cluster ngati zikuoneka kuti zinamasulidwapo. Afunse buku la sevisi, ndipo ngati n'kotheka apite nayo galimotoyo kwa makaniko wake kuti aiike pa kompyuta, poti pa galimoto zina nambala imapezekanso m'zipangizo zina za m'katimo. Wogulitsa amene wanena yekha kuti cluster inasinthidwa n'kuonetsa zolembedwa zake ndi woyenera kumukhulupirira kuposa amene akungoloza nambala yochepa popanda pepala lililonse.

Pempho langa kwa akuluakulu a Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi lakuti, popeza galimoto iliyonse imapita kukayezedwa kuti ilandire COF, akonze njira yoti mbiri ya makilomita a pa kuyezedwa kulikonse izioneka kwa munthu amene akufuna kugula galimotoyo, ndiponso pakhale fomu yachidule yolembetsera kusintha kwa cluster. Nambala ikatsika pakati pa COF ina ndi inzake popanda fomu imeneyi, woyezayo adzadziwa pompo kuti pali chofunika kufotokozedwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso liunikire anthu kuti kugulitsa galimoto ya nambala yabodza ndi kunyenga wogula, ndipo liwauze kumene angakadandaule. Sukulu zophunzitsa umakaniko pansi pa TEVETA ziphunzitse ophunzira kuwerenga ndi kusamutsa nambalayi, pamodzi ndi udindo wolemba zimene achita. Podikira zonsezi, mwini galimoto aliyense amene akukasintha cluster ajambule nambala asanapereke makiyi, auze makaniko kuti ambwezere cluster yakaleyo kuti aisunge, ndipo asatulutse galimoto pagalaja sitika ya pachitseko isanamatidwe.

Ndine wowerenga wanu,
Makaniko wa zamagetsi a galimoto,
Lilongwe