Lipoti la kumsonkhano wa mankhwala akumwa a agalu ndi amphaka

Anzanga a m'gulu, ndabwerako bwino kumsonkhano munandituma uja, zikomo pa ndalama ya thiransipoti. Tinakambirana za kafukufuku wa mankhwala akumwa a agalu ndi amphaka, koma chomwe chandikhala mumtima nchoti mphaka si kagalu kakang'ono ayi, thupi lake ndi lina.

Adokotala ena a ziweto anafotokoza za paracetamol, Panado wathu yemweyu, kuti chiwindi cha mphaka sichitha kumugaya ngati chathuchi ndiye piritsi limodzi basi litha kupha mphaka. Ine mtima unandiwawa pompo chifukwa chaka chatha mayi ena anandibweretsera mphaka wawo mudengu, nkhope itatupa, usinini utada bii, akupuma mobanika, ati anampatsa theka la piritsi poona kuti sakudya, ndipo anafera m'manja mwangamu. Mayiwo sanachitire dala, palibe anawauzapo, ndiye chonde abale tiziwauza anthu tikamayenda m'midzimu. Doxycycline, mankhwala opha mabakiteriya, nayenso mukammwetsa mphaka muzitsatiza timadzi ndi sirinji, piritsi likakanirira pakhosi limawotcha njira ya chakudya mpaka kumeza kumadzavuta.

Pa nkhupakupa ndi utitiri anationetsa mapiritsi otafuna aja, NexGard wa 2013 yemwe amagwira mwezi umodzi ndi Bravecto wa 2014 yemwe amafika milungu 12 pa galu. Amagwiradi ntchito, koma mu 2018 bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linachenjeza kuti agalu ena akawadya amanjenjemera kapena kugwa ngati khunyu, ndiye musanapereke muzifunsa kaye mwini galu ngati anayamba wagwapo. Mtengo wake wokha kwa munthu wakumudzi ndi wowawa, zimenezo ndinanena poyera.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi katemera wa chiwewe wodyetsa. Kumpoto kwa Namibia anamuyesa, kapaketi ka katemera amakabisa mu kachakudya konunkhira dzira, galu akaluma kamaphulikira mkamwa. Mukudziwa nokha kuti pamafunika agalu 70 pa 100 aliwonse atatemeredwa kuti chiwewe chisafalikire, nanga agalu ongoyendayenda aja omwe ngakhale eni ake sawagwira, timangowasiya chaka ndi chaka? Katemerayu sanabwere kudzalowa m'malo mwa jakisoni ayi, ndi wa agalu osagwirikawo, ndiye kampeni yathu ya jakisoni ipitirire monga mwa masiku onse.

Mapepala omwe anatigawira ndi malisiti ndibwera nazo Loweruka, a msungichuma musadere nkhawa.