Kalata kwa Yamikani, za kachipewa kofiira kaja

Amuna anga a Yamikani,

Ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti uwerenge wekha, poti ndamva kuti ku sitandade 2 mwayamba kuwerenga ziganizo. Pokuvuta amayi ako akuthandize. Kuno ku Bangula tadzuka bwino, kupatula bondo langa lija. Mbuzi yako yaswa ana awiri, wina wakuda wina wamawanga, ndipo akudikira iwe kuti udzawatche mayina.

Amayi ako andiuza pafoni kuti mpaka lero udakandikwiyira chifukwa cha kachipewa kofiira kamene unandipeza ndikuluka patsinde pa nimu. Akuti unalira m'minibasi kuchokera pa Ngabu, kudutsa pa Nchalo, mpaka pa Dyeratu, ndipo chinakutontholetsa ndi tulo mutayamba kukwera phiri pa Thabwa. Akuti ukuuza anzako ku Ndirande kuti agogo ako ndi omana. Ndinaseka, chifukwa m'kachipewa kaja ngakhale chibakera chako chikanalowa movutikira. Koma unandifunsa funso limene sindinakuyankhe, poti kondakitala ankatifulumizitsa. Unati, "Agogo, kuno kotentha chonchi, chipewa cha wulu avala ndani?"

Unafunsa bwino. Kuno kuchigwa mu Okutobala kumatentha mpaka madigiri 40 n'kupitirira. Mchenga umawotcha mapazi, usiku timagona pabwalo, ndipo munthu wamkulu atavala chipewa cha wulu masana tingamuyese kuti mutu wabalalika. Koma alipo anthu ena amene amazizidwa ngakhale mu Okutobala momwemo. Ndi ana obadwa masiku asanakwane.

Mwana amayenera kukhala m'mimba mwa amayi ake miyezi 9. Ena amafulumira, amabwera pa miyezi 7 kapena 8. Amakhala ochepa kwambiri, khungu lopyapyala, alibe mafuta m'thupi owatchinjiriza ku mphepo. Mutu wawo ndi waukulu poyerekeza ndi kathupi, ndipo kufunda kwa m'thupi kumathawira kumutu komweko. Umadziwa phala likakhala m'mbale yosavundikira momwe limazizirira msanga? Ndi chimodzimodzi. Mwana akazizidwa amaleka kuyamwa, akaleka kuyamwa amafooka. Ndiye anamwino amamuika pachifuwa pa amayi ake, khungu kukhudzana ndi khungu, atangovala thewera ndi kachipewa basi, n'kumumangirira ndi chitenje. Amakhala pomwepo usana ndi usiku. Amayi akatopa amalandira abambo kapena agogo. Njira imeneyi amaitcha kangaru, dzina la nyama ya ku Australia imene imanyamula mwana wake m'kathumba ka pamimba. Chifuwa chimafunditsa thupi, koma mutu umatulukira pamwamba pa chitenje, ndiye ntchito ya kachipewa ndi imeneyo.

Tsopano tchera khutu, chifukwa nkhani iyi amayi ako andilola kuti ndikuuze. Mwana mmodzi wotero ndinamunyamulapo pachifuwa panga ine, ndipo ndi iweyo.

Unabadwa mu Malichi 2019, mvula ya namondwe Idai itagwa masiku angapo osakata. Nthawi imeneyo tinkakhala kutsidya, ku Makhanga. Ruo anasefukira, Shire naye anasefukira, madzi anakumana pakati n'kulowa m'nyumba. Tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Thumba limene amayi ako ankasungiramo zitenje ndi tizovala tako linapita ndi madzi, pamodzi ndi nkhuku zanga zonse. Anatiwolotsa pa boti kubwera kumsasa kuno ku Bangula, ndipo patangopita masiku ochepa amayi ako anayamba kumva kupweteka, kudakali miyezi iwiri kuti nthawi yako ikwane. Atakuika pa sikelo kuchipatala sunakwane makilogalamu 2. Ukapita ku golosale unyamule mapaketi awiri a shuga wa ku Nchalo, uone kulemera kwake. Iwe unali wopepuka kuposa pamenepo.

Tinalibe chokuveka. Namwino anatsegula kabati, anatulutsa katoni, n'kutengamo kachipewa kachikasu kokhala ndi mzere wobiriwira. Mbali imodzi kanali kokhota pang'ono, ndipo ine woluka ndinaona msanga kuti mwini wake analakwitsa kuwerenga pamzere wina. Ndinafunsa kuti analuka ndani. Namwino anati, "Amayi ena amangobweretsa, mayina sitilemba." Mpaka lero munthuyo sindimudziwa. Mwina ndimakumana naye pamsika n'kumatsutsana mtengo wa tomato. Kachipewa kameneko unavala milungu itatu, mpaka mutu unakula n'kuyamba kukathina. Amayi ako anakachapa n'kukabwezera m'katoni muja, ndiye usandifunse kuti kali kuti.

Chiyambire pamenepo ndimaluka tizipewa ta ana otere. Lachinayi lililonse tikatha mapemphero a Mvano timatsalira amayi angapo pansi pa mtengo, aliyense ndi ulusi wake. Wulu watsopano wa m'sitolo ndi wodula, sitingaukwanitse. Timapita pa kaunjika kukasankha majuzi akale otsika mtengo, aja obowoka pachigongono amene aliyense amawadumpha. Ogulitsa anatizolowera, akationa amayamba okha kufukula pansi pa mulu. Juzi ija timaimasula, kupeza nsonga ya ulusi n'kumakoka. Ulusi wake umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi lomasula kumene. Timaukulunga pamiyendo ya mpando, kuuchapa ndi sopo, n'kuuyanika pamthunzi titamangirira kamwala kumunsi kuti uwongoke. Juzi imodzi ya munthu wamkulu imatipatsa tizipewa tambiri, ndi timasokosi pamwamba.

Zolukira zanga unaziona, unkafuna kumenyera ng'oma pa chidebe. Aja ndi masipoko a njinga ya malemu agogo ako aamuna. Ndinawanola pamwala, kenako ndinasalaza nsonga kuti isabaye chala, ndipo kumbuyo ndinabayako kachidutswa ka patapata kuti ulusi usapulumuke. Anzanga ena amalukira kasingano kamodzi kokhala ndi kangowe kumapeto, ndipo iwo amafulumira kuposa ine. Ine ndinazolowera ziwirizi, ukalamba uno sindisinthanso.

Kuluka kwa ana amenewa kuli ndi malamulo ake. Ulusi wokanda sitiufuna. Ndimayamba ndaukhudzitsa patsaya langa, ukandiyabwa ndimauika padera kuti tidzalukire chopondera pakhomo. Mabatani ayi, zingwe zomangira pakhosi ayi, mfundo yaikulu m'kati ayi, chifukwa ingatupitse khungu. Kukula kwake timayezera pa lalanje. Tsiku lina mnzanga wina anakometsera chake ndi chimpira cha ulusi pamwamba, chachikulu ngati dzira, ndipo namwino anangochidula ndi sizasi ife tikuona. Tinamuseka mpaka misozi, iyenso anaseka, ngakhale ndikuganiza kuti mumtima zinamuwawa.

Zina timasunga. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, anthu anadzazanso m'masukulu ndi m'matenti, ndipo mwana sadikira kuti madzi aphwe kaye ndiye abadwe. Tinali ndi thumba limodzi lokha la zoluka, linatha sabata isanathe. Chiyambire chaka chimenecho timayamba kudzaza thumba mvula isanagwe. Zotsalira za ulusi timalukira tizidutswa ta makona anayi, n'kulumikiza kukhala kabulangete ka mitundumitundu. Timeneti timapatsa nkhalamba zosowa owasamala, chifukwa mu Juni ndi Julaye mphepo ya mwera ikamawomba m'bandakucha, nakonso kuno kumazizira ndithu.

Amayi ako akutinso unanena kuti kuluka ndi ntchito ya akazi. Amuna anga, wakunamizani ndani? Chigwa chino ndi cha thonje kuyambira kalekale. Makolo athu Amang'anja ankalima thonje, kupota ulusi, n'kuwomba nsalu yolimba yotchedwa machila, ndipo pa ntchito yowombayo pankakhala amuna. David Livingstone atadutsa mu Shire mu 1859 anawapeza akuchita zimenezi m'midzi. Ndipo amalume ako amene amakonza ukonde wa nsomba kudambo, ukuganiza kuti zala zawo zimachita chiyani? Ukadzabwera udzawauze m'maso kuti akugwira ntchito ya akazi, ine ndidzaimirira patali.

Kachipewa kofiira kaja ndinakapereka Lachiwiri lapitali pamodzi ndi tina 11. Sindinaone amene akavale, ndipo sindinafunse.

Chako ndayamba kale, chachikulu, cha mutu wa mwana wa sukulu, poti kwanu ku Blantyre ndiye kozizira zenizeni. Ulusi wofiira unatha, ndiye ndi chabuluu. Koma sindichitumiza pa minibasi. Udzachitenge wekha pa holide, ndipo udzalipira. Malipiro ake ndi awa: udzakhala pampando, manja awiri utatambasula, ine ndikukulunga ulusi, osathawira kumpira mpaka titamaliza. Uwauze amayi ako akupatse juzi yako yobiriwira ija yakuthina, tidzaimasule limodzi. Nsonga ya ulusi udzakoka ndiwe.

Upereke moni kwa abambo ako ndi kwa Tadala. Malambe ako ndakusungira m'dengu pamwamba, pomwe mbuzi sizifika.

Ndine mkazi wako wokalamba,
Agogo