Sitima yankhondo imene inasanduka nyumba ya mpondamatiki

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa nkhani ya sitima zapamadzi za anthu olemera, chifukwa ambiri amaganiza kuti zonse zimapangidwa zatsopano, pomwe imodzi mwa zotchuka kwambiri, Christina O, inayamba ngati sitima yankhondo. Inakhomedwa ku Montreal, m'dziko la Canada, mu 1943, ndipo inkatchedwa HMCS Stormont pamene inkaperekeza sitima zina panyanja ya Atlantic pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse.

Nkhondo itatha, mpondamatiki wa ku Greece, Aristotle Onassis, anaigula pa mtengo wa zitsulo zakutha, naitumiza ku Kiel m'dziko la Germany kuti akaikonze, kenaka anaitcha dzina la mwana wake wamkazi, Christina. Sitimayi ndi yaitali pafupifupi mamita 99, koma ndi yopapatiza, popeza inapangidwira liwiro osati chisangalalo, ndipo apa ndi pamene ndimaonera luso la amisiri. Anaikamo dziwe losambiramo limene pansi pake, pokongoletsedwa ndi timiyala tamitundumitundu, pamakwezedwa n'kusanduka bwalo lovinirapo, kotero malo amodzi amagwira ntchito ziwiri. Winston Churchill, yemwe adakhalapo nduna yaikulu ya Britain, anayendamo kangapo, ndipo phwando la ukwati wa Onassis ndi Jacqueline Kennedy, mkazi wamasiye wa Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America, linachitikira momwemo mu 1968.

Onassis atamwalira mu 1975, mwana wakeyo anaipereka ku boma la Greece, limene, n'zomvetsa chisoni, linaisiya kuti ichite dzimbiri padoko. Anthu ena anaigula, naikonzanso, ndipo inayambiranso kuyenda mu 2001 yochita kubwereketsa.

Wowerenga wanu,
Zomba