Akathyali a pa imelo akutibera achinyamata ofuna ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za akathyali amene akubera anthu kudzera pa imelo. Mauthenga a pa foni aja akuti "ndatumiza ndalama molakwika, mundibwezere" ambiri tinawadziwa kale. Koma za imelo sizikambidwa kwenikweni, chikhalirecho achinyamata ofuna ntchito akulira nazo.

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi makompyuta pa Mponela. Anthu amabwera kudzalembetsa CV, kudzatsegula imelo ndi kudzasindikiza makalata, choncho zimene zimawagwera ndimaziona ndi maso angawa.

Mtsikana wina amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi anabwera akumwetulira. Anali atalandira imelo yokhala ndi chizindikiro cha bungwe lina lalikulu lothandiza anthu, yonena kuti wasankhidwa kukachita intavyu, koma atsimikize tsiku lomwelo podina linki. Anali atadina kale pa foni yake. Linkiyo inamutengera pa tsamba looneka ndendende ngati la Gmail, iye n'kulembapo adiresi ndi pasiwedi. Pofika mawa lake imelo inali itakana kutseguka. Anthuwo anasintha pasiwedi, kenako anagwiritsa ntchito imelo yomweyo kulanda Facebook yake, n'kuyamba kulembera abale kuti wagonekedwa m'chipatala. Amalume ake a ku Johannesburg anatumiza ndalama asanamuimbire n'komwe. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa mwanayo sanachite chauchitsiru chilichonse: anangofuna ntchito.

Chimene ambiri sazindikira n'chakuti imelo ili ngati kiyi wa chitseko chachikulu cha nyumba. Woitenga amangodina poti "ndaiwala pasiwedi" pa Facebook kapena pena paliponse, linki yosinthira n'kubwera m'manja mwake. M'menemo mulinso zithunzi za chiphaso chaunzika, masatifiketi ndi manambala a foni amene munatumizapo pofunsira ntchito.

Tisamaganize kuti zimenezi zimagwera osaphunzira okha. Mu Marichi 2016, John Podesta, amene ankatsogolera kampeni ya Hillary Clinton pa chisankho cha pulezidenti ku America, analandira imelo yonamizira kuti yachokera ku Google, yomuuza kuti wina wadziwa pasiwedi yake ndipo aisinthe msanga. Maimelo ake anabedwa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho tsamba la pa intaneti loulula zinsinsi la WikiLeaks linayamba kuwaulutsa. Nyambo yake ndi yomweyi imene ikufika kwa ana athu.

Pempho langa kwa owerenga ndi lakuti musanadine chilichonse, onani adiresi ya wotumizayo, osati dzina lokha. Dzina aliyense angathe kulemba limene akufuna. Dinani pa dzinalo kuti adiresi yonse ioneke, muwerenge zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Bungwe lalikulu silingakuitanireni ku intavyu ndi adiresi yothera gmail.com. Nthawi zina akathyaliwa amangosintha chilembo chimodzi, kapena kuika ziro m'malo mwa "o", ndiye werengani mofatsa. Linki nayo muigwire ndi chala kwa kanthawi osachotsa, foni ikuonetsani kumene ikupita. Akakufulumizitsani kuti "lero lomwe" kapena "titseka akaunti yanu", pamenepo ndiye imani kaye. Tsekani imeloyo, imbirani bungwelo pa nambala imene mwaipeza nokha. Ndipo ntchito yoyamba ndi kulipira ndalama za fomu kapena zoyezetsera kuchipatala pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wamba si ntchito ayi.

Chitetezo chimene ndimakakamira kasitomala aliyense ndi 2-Step Verification, imene imapezeka mu akaunti ya Google pa gawo la Security. Mukaiyatsa, wakuba ngakhale atadziwa pasiwedi amafunikanso khodi imene imabwera pa foni yanu. Khodi imeneyo, ya manambala 6, musamuwerengere munthu aliyense, ngakhale aimbe foni mwaulemu kuti ndi wa ku ofesi.

Anzanga a m'mashopu ngati yangayi, tili ndi mbali yathu. Tisamalembe mapasiwedi a makasitomala m'kabuku ka pa kauntala, tisalole kompyuta kuwasunga, ndipo tizionetsetsa kuti munthu watuluka mu akaunti yake asananyamuke pampando.

Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo MACRA ili ndi nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti. Ndikuwapempha kuti uthengawu aufikitse pa mawailesi a m'madera, m'Chichewa, komanso m'makoleji ophunzira asanamalize. Inunso Akonzi, tipatseniko kadanga mwezi uliwonse koonetsa chithunzi cha imelo yabodza, mutazunguliza ndi mzere pamene pali chinyengo. Ine ndidzadula tsambalo n'kulimata pakhoma la shopu yanga.

Wowerenga wanu,
Mponela, Dowa