Kalata yonena za nyimbo ya Mbube

Wokondedwa mnzanga,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Wafunsa ngati nyimbo ya mkango ija, imene ana amaidziwira m'filimu ya The Lion King, ili ya Disney, komanso mmene kwaya yanu ingaiimbire. Ayi, si ya Disney. Mwini wake ndi Solomon Linda, Mzulu wobadwa mu 1909 m'dera la Msinga ku Natal, ku South Africa, ndipo dzina lake lenileni ndi Mbube, kutanthauza mkango m'Chizulu.

Linda anapita ku Johannesburg kukasaka ntchito, ndipo anadzapezeka akulongedza mbale za galamafoni ku kampani ya Gallo. Akaweruka ankaimba ndi gulu lake la Evening Birds pa mipikisano ya makwaya a amuna ochokera kumidzi odzagwira ntchito m'tauni. Nyimboyi anaijambula mu 1939, woyang'anira ali Griffith Motsieloa. Masiku amenewo kunalibe zodula ndi kulumikiza mawu. Singano inkalemba pa phula nthawi yomweyo oimba akuimba, mbali imodzi ya mbale inkatenga mphindi zitatu zokha, ndipo wina akaphonya onse ankayambiranso. Imene inatuluka ndi ya ulendo wachitatu.

Ukaipeza pa intaneti, uimvere mpaka kumapeto, usaidumphe. Mphindi ziwiri zoyamba umva mabesi akubwereza mawu akuti "uyimbube", ndiwe mkango, Linda akulira pamwamba pawo ndi mawu opyapyala aja mwamuna amatulutsa ngati a mkazi. Nyimbo itatsala pang'ono kutha, iye akuponya kamzere kamodzi kopanda mawu, kokwera kuchokera pa do kufika pa fa nkutsikanso. Kamzere kameneko, kamene kanangomubwerera pakamwa pomwepo, ndiko dziko lonse likuimba lero ndi mawu a Chingerezi. Mbaleyo inagulidwa pafupifupi 100,000 m'zaka za m'ma 1940, mpaka mtundu wonse wa maimbidwe otere unatchedwa mbube, kholo la isicathamiya, maimbidwe amene gulu la Ladysmith Black Mambazo linatchuka nawo. Malipiro a Linda amene amatchulidwa ndi mashileni 10, umwini wa nyimbo nkupita ku Gallo.

Mbale ina inawoloka nyanja nkufika m'manja mwa Alan Lomax, wotolera nyimbo zamakolo, ku New York, ndipo iye anaipereka kwa woimba wa ku America Pete Seeger. Seeger sankadziwa Chizulu, ndiye "uyimbube" khutu lake linamva "wimoweh". Gulu lake la The Weavers linaijambula ndi dzina limenelo pamodzi ndi okesitula ya Gordon Jenkins, ndipo inatchuka ku America mu 1952. Vuto linayambira pa chizindikiro cha mbale. Pamalo pa wopeka panalembedwa Paul Campbell, munthu amene kunalibe. Linali dzina longopeka limene linkaikidwa pa nyimbo zoyesedwa zamakolo kuti ndalama za wopeka zikhale ndi kolowera. Nyimbo ya munthu wamoyo, wa dzina ndi banja, inasanduka yopanda mwini.

Mu 1961 wolemba nyimbo George David Weiss anatenga kamzere komaliza kaja nkukasandutsa mutu wa nyimbo, nkulembapo mawu a Chingerezi. Anyamata a The Tokens anaiimba ndi dzina la The Lion Sleeps Tonight, ndipo mu Disembala chaka chomwecho inafika pa nambala 1 ku America. Mawu a mkazi okwera kwambiri amene amamveka kumbuyo ndi a Anita Darian. Kuyambira pamenepo mitundu inachuluka. Miriam Makeba anali ataiimba kale mu 1960 ndi dzina lake la Mbube, ndipo kwa ine yake ndiyo yosunga ulemu wa nyimboyi. Karl Denver anatchuka nayo ku Britain mu 1962, Robert John anafika nayo pa nambala 3 ku America mu 1972, Tight Fit pa nambala 1 ku Britain mu 1982, kenako Disney mu 1994.

Tsopano za kwaya. Nyimbo yonse yakhazikika pa masitepe anayi obwerezabwereza: do, fa, do, so. Palibe posinthira, choncho kukoma kwake kuli pa kulemera kwa mawu apansi. M'gulu la Linda munali anthu asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo mabesi, theka lenileni. Makwaya ambiri amalakwitsa pomwepa. Amaunjika masoprano khumi pa kamzere kapamwamba, mabesi awiri okha pansi, nyimbo nkumveka yopepuka ngati ya ana. Ngati mabesi ndi ochepa, tsitsa ena a tenala akathandize. Pamwamba pakhale munthu mmodzi, womasuka kuchedwa kapena kutsogola pang'ono, pakuti gulu silingalire mofanana.

Kiyi usankhe poyesa wotsogolera, osati mabesi. Ikakwera kwambiri iye amakakamiza kukhosi, amayamba kuimba motsikirapo, ndipo kwaya yonse imamutsatira mpaka pomaliza mwatsika osadziwa. Mabesi nawo, chifukwa chobwereza chinthu chimodzi, amakonda kuthamanga. Auze aponde phazi pansi mofewa pa sitepe iliyonse, ndipo asapume onse nthawi imodzi, azisinthana kuti pasaoneke mpata. Ndikupempha muimbe "uyimbube", milomo itsekeke bwino pa mb. Phokoso limenelo ndilo ng'oma ya nyimboyi, ndipo "wimoweh" amalisungunula.

Linda anamwalira mu 1962 ndi matenda a impso, ali wosauka, ndipo manda ake anakhala zaka 18 opanda chiliza. Zimandiwawa kuti anatsikira kuli chete patangopita miyezi yochepa nyimbo yake itafika pa nambala 1. Mu 2000 mtolankhani Rian Malan analemba nkhani yonseyi m'magazini ya Rolling Stone, nayerekeza kuti nyimboyi inali itapanga madola pafupifupi 15 miliyoni. Loya Owen Dean anafukula lamulo lakale la Britain la 1911, limene linkagwiranso ntchito ku South Africa. Lamulolo linkati umwini wogulitsidwa umabwerera kwa olowa m'malo a wopeka pakatha zaka 25 iye atamwalira, ndiye kuti mu 1987. Mlandu unalowa m'khoti mu 2004 wotsutsana ndi Disney, ndipo mu Febuluwale 2006 kampani ya Abilene Music, imene inapereka chilolezo kwa Disney, inagwirizana ndi banja la Linda kunja kwa khoti. Kuchuluka kwa ndalama sikunaululidwe, koma Linda anavomerezedwa kukhala mmodzi mwa opeka The Lion Sleeps Tonight. Mgwirizanowo unatha kumapeto kwa 2017, filimu yatsopano ya The Lion King isanatuluke mu 2019.

Mukafuna kujambula kapena kulipiritsa pakhomo, dziwa kuti ku South Africa umwini umatha zaka 50 wopeka atamwalira, choncho Mbube inamasuka kumeneko kumapeto kwa 2012. Mayiko ena amawerenga zaka 70, ndipo mawu a Chingerezi aja akadali ndi eni ake. Funsa kaye bungwe loona za umwini wa nyimbo m'dziko limene uliri. Pa pepala la pulogalamu mulembe Mbube, Solomon Linda, 1939.

Upereke moni kwa onse a kwaya, ndipo mukaijambula unditumizireko.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.