Kalata ya malume yochokera ku Tsitsikamma

Tadala mphwanga,

Uli bwanji kumeneko? Amayi ako anandiuza pa foni kuti wayamba kuwerenga wekha, ndiye ndati kalatayi ikhale yako yako, mawu akakuvuta uwafunse akuthandize.

Loweruka lapitali tinapita ndi anzanga akuntchito kukaona mathithi ku Tsitsikamma. Kwanuko mumangoti malume ali ku Joni, koma kuno ndi kutali kwambiri ndi Johannesburg, ndi kumunsi kwenikweni m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean. Nkhalango yake siuma ayi. Ukudziwa mmene kumakhalira kwathu mu Okutobala, mitengo yayoyola masamba, udzu wapsa, fumbi lokhalokha, koma kuno mvula imagwa mwezi uliwonse ngakhale mu Juni kukuzizira, ndiye pansi pamakhala ponyowa nthawi zonse, miyala ndi zitsa zonse zavala ndere zobiriwira, m'nthambi mukulendewera ndere zina zotuwa zazitali zomwe amati ndevu za nkhalamba.

Njira imayambira pamene mtsinje wa Storms River umathira m'nyanja, ndipo kukafika pa mathithi ndi makilomita 3 basi. Usaseke, makilomita 3 amenewo thukuta linatuluka! Poyamba mumayenda bwinobwino mumthunzi, kenako njira ija imangothera pa miyala ikuluikulu, uyambe kukwawa ndi manja omwe, kudumpha apa kudumpha apo mafunde akumenya kumbaliku phwaa, madzi kukuthovukira kumaso ukanyambita milomo mchere okhaokha. Kuti anthu asasochere anajambula mapazi a katumbu ndi penti yachikasu pamiyalapo, ukaona phazi limodzi uzifunafuna linzake, iwe ukanaikonda game imeneyi. Amene ali ndi mphamvu amatsatira mapaziwo masiku 5, kugona m'timanyumba tamatabwa mpaka kukatulukira ku Nature's Valley, ife zimenezo tinawasiyira eni ake.

Panjira tinapeza mbira zikuwothera dzuwa pamwala, zonenepa bwanji, zosaopa munthu olo pang'ono, ina kumandiyang'ana m'thumba kuti mwina ndiigawira buledi koma ndi zoletsedwa kuzidyetsa. Tinaonanso mbalame ina yotchedwa Knysna loerie, ikakhala mumtengo ndi yobiriwira sungaione, koma ikangouluka mapiko psuu kufiira.

Tsopano mathithiwo. Madzi amatsetsereka pa thanthwe lalitali kugwera m'dziwe lalikulu, ndipo nyanja ili pomwepo, ukhoza kuponya mwala kuchoka padziwe kukagwa m'mafunde. Koma chimene ndikufuna uwauze anzako ku sukulu ndi ichi, madziwo ndi ofiirira ngati tiyi wa agogo wopanda mkaka uja. Si matope ayi, ukatunga m'manja ukuona zikhatho zako bwinobwino. Mtunduwo umachokera ku masamba ndi mizu ya zomera za m'mapiri momwe madziwo amadutsa, amasuluka pang'onopang'ono mpaka mtsinje onse kusintha mtundu. Kuzizira kwake ndiye usanene, kuposa pa Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje paja unalira utangoviika phazi. Anzanga awiri anasambira, ine ndinangokhala pamwala mapazi m'madzi kumadya mazira owiritsa, ndipo sindikudandaula.

Pobwerera tinaima pamsewu waukulu wa N2 kukaona mtengo wina wa yellowwood omwe amangouti Big Tree. Ndi wautali mamita 36 ndipo uli ndi zaka zoposa 800, tangoganiza, agogo a agogo a agogo ako asanabadwe iwo unali kale chilili. Anzake ambiri anadulidwa kalekale kupanga matabwa ndi mipando, uwu unapulumuka. Malowa anawasandutsa paki mu 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu, ndiye panopa palibe odulamo mtengo olo kutola nkhuni, ukagwa wokha amausiya uwolere pomwepo bowa azimera.

Zithunzi ndatumiza pa WhatsApp ya amayi ako, ya mbira ija isafufutidwe. Undijambulire mathithi papepala, madzi ake upake kirayoni ya bulauni, aphunzitsi akati walakwitsa uwaonetse kalatayi. Undiuzenso saizi ya nsapato yomwe ukuvala panopa. Uwapatse moni agogo ndi Yankho.

Ndine malume ako