Kwa mwana wanga amene wakhala pampando

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndauwerenga katatu. Koyamba ndinangoona mawu akuti "andisankha", misozi n'kulengeza m'maso. Kachiwiri ndi pamene ndinamvetsa kuti anzako a m'bungwe la ophunzira okhoza bwino akuika kukhala wapampando. Kachitatu ndinaona kamene unakabisa kumapeto, koti ukuchita mantha. Bambo ako akuti ndikuuze kuti akunyadira kwambiri. Ine ndikufuna ndiyankhe za manthazo.

M'bungwemo unalowa ndi malikisi, ndipo malikisi munthu amawapeza ali yekha, pa desiki, usiku anzake atagona. Onse amene uziwatsogolera analowa njira yomweyo. Aliyense anazolowera kukhala woyamba m'kalasi, ntchito ikavuta amangodzitsekera n'kuimaliza yekha. Iwenso ndiwe wotero, ndakulera ndine. Ukukumbuka ntchito ija aphunzitsi anakupatsani anthu asanu, iwe n'kuichezera wekha usiku wonse poopa kuti anzako aiwononga? Khalidwe limenelo likakutsatira pampando, semesita isanafike pakati udzapezeka ukulemba wekha makalata, kupempha wekha chipinda cha msonkhano, kutolera wekha ndalama. Mlembi ndi msungichuma adzakhala maina chabe papepala. Sadzadandaula ayi, adzangosiya kubwera.

Utandiuza nkhaniyi ndinakhala pansi kuwerenga za mabungwe amenewa. Lakale kwambiri ku America, Phi Beta Kappa, linayamba pa 5 Disembala 1776 ku College of William & Mary, ku Virginia. Anali anyamata asanu okha, okumana mwachinsinsi kuti azichita mtsutso pa nkhani zosiyanasiyana. Patangotha zaka zinayi, kumayambiriro kwa 1781, nkhondo yomenyera ufulu wa America inafika pafupi ndipo gululo linabalalika. Koma asanachoke, amene analipo anasonkhanitsa mapepala a bungwe, kuwatsekera m'bokosi, n'kuwasiya m'manja mwa wogwira ntchito pakolejipo. Komanso anali atapereka kale chilolezo choti nthambi zina zitsegulidwe, ya ku Yale mu 1780 ndi ya ku Harvard mu 1781. N'chifukwa chake bungwelo lilipo mpaka lero. Tangoganiza, asilikali ali m'njira, ana asukulu n'kupeza nthawi yolongosola mapepala kuti wodzabwera m'mbuyo asadzayambire pa ziro.

Nkhani ya bokosiyi inandilasa mtima, chifukwa ine bokosi langa sindinalisiye. Ndili mphunzitsi wachitsikana, anzanga anandisankha kutsogolera kagulu kathu kothandiza ana ovutika ndi masamu akaweruka. Kanayenda bwino zaka zitatu, ndipo ndivomere, ndinkamva kukoma anthu akamati popanda ine palibe chingachitike. Maina a ana, masiku a aphunzitsi, amene anatilonjeza mabuku, zonse zinali m'kope limodzi lachikuto chobiriwira ndi m'mutu mwangamu. Atandisamutsa mwadzidzidzi, kopelo linapita ndi katundu wanga ine osadziwa. Otsalawo anasowa poyambira. Tindalama timene tinasonkha tinangokhala kubanki, poti wosayinira ndinali ine. Teremu isanathe kaguluko kanafa. Kopelo ndinadzalipeza m'katoni patapita zaka, iwe utabadwa kale. Patsamba lomaliza panali mndandanda wa maina, ndipo pa ena ndinali nditaikapo kanyenyezi, kusonyeza ana ofunika kuwayang'anira kwambiri. Palibe anawayang'anira. Mpaka lero maina ena ndimawakumbukira.

Iwe nthawi yako ndi yochepa kuposa yanga. Mpando wa bungwe la ophunzira ndi wa chaka chimodzi, ukachotsapo tchuthi ndi masabata a mayeso utsala ndi miyezi yowerengeka. Pakatha zaka zinayi, pasukulupo sipadzakhala wophunzira wokudziwa. Ndiye yamba kukonza zosiya udindo sabata yomwe ino. Msonkhano uliwonse mlembi alembe maminitsi: chimene mwagwirizana, amene achite, ndi tsiku lake. Zikhale pamalo amene komiti yonse ingazipeze, osati m'foni mwako. Imelo ya bungwe ndi pasiwedi yake zisadziwike kwa iwe wekha. Ndipo yang'ana pakati pa amene angolowa kumene, upeze mmodzi kapena awiri amene atsalira iwe ukamamaliza. Uziyenda nawo kukaonana ndi mphunzitsi wolangiza bungwe lanu, amve mmene mumayankhulirana. Tsiku lina umupatse mmodzi atsogolere msonkhano, iwe ukhale kumbuyo. Adzachita chibwibwi, adzalumpha mfundo, lilime lidzakuyabwa kuti umukonze. Ugwire pakamwa. Mukambirana awiri mukatuluka.

Za ndalama sindichulukitsa. Zisadutse m'thumba mwako ngakhale usiku umodzi, osayinira akhale awiri, lisiti lililonse lisungidwe, ndipo msungichuma aziwerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka.

Chimene chidzakusowetsa tulo ndi nkhani ya olowa. Mabungwe amenewa amadula mzere penapake. Tau Beta Pi, la ophunzira uinjiniya lomwe linayamba ku Lehigh University mu 1885, limaitana mmodzi mwa asanu ndi atatu apamwamba a m'chaka chachitatu, ndi mmodzi mwa asanu a m'chaka chomaliza. Golden Key, lomwe linayamba ku Georgia State University mu 1977, limaitana 15 pa 100 alionse. Paliponse pamene pali mzere, pali wina amene watsalira pang'ono pokha, ndipo tsiku lina ameneyo adzakhala mnzako wapamtima. Adzakupempha kuti umulankhulire. Usakhotetse lamulo chifukwa cha iye, ngakhale adzakwiya ndipo ena adzati wayamba kudzimva. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma lamulolo ukaliona kuti likutsekera anthu kunja popanda chifukwa, ulitengere kumsonkhano masana poyera. Phi Beta Kappa yomweyi inatha zaka pafupifupi 100 yopanda mkazi. Nthambi ya ku University of Vermont ndi imene inalandira akazi oyamba mu 1875, ndipo mu 1877 inalandira George Washington Henderson, munthu wakuda woyamba, amene anabadwira mu ukapolo. Anthu amenewa nzeru anali nazo kale, kunangofunika kuti ena a m'kati adzuke atsegule chitseko. Iwenso uzifunsa. Alipo amene anaitanidwa koma sanabwere chifukwa ndalama yolowera yawakulira? Alipo amene amagwira ntchito madzulo, nthawi yomwe inu mumakumana? Ndipo amene ali pansi pa mzerewo, makamaka a chaka choyamba amene phunziro lina lawakanika, bungwe lanu likuwachitira chiyani? Mwambo wolandira mamembala ndi wokoma, masatifiketi ndi zithunzi, ndipo ine chithunzi ndikuchifuna. Koma ndingakondwe kwambiri kumva kuti sabata iliyonse pali chipinda chimene wovutika ndi masamu angalowe n'kupeza mmodzi wa inu akumudikira.

Maphunziro ako usawataye. Ukaona mayeso ayandikira, uza komiti kuti sabata imeneyo wachiwiri wako ndi amene agwire zonse. Ndi ntchito yake imeneyo, ndipo adzasangalala kuti wamukhulupirira. Uzigonanso mokwanira, mawu ako pafoni tsiku lija anali a munthu wotopa.

Kope lobiriwira lija ndikadali nalo, ukabwera ndidzakuonetsa. Ukamandiyankha undiuze ngati wamuona kale amene uziyenda naye, ali chaka chanji ndipo akuphunzira chiyani.

Ndine mayi ako wokukonda.